Giza ikakana kutentha: njira zina zopezera madzi ofunda osamba, ndi momwe mungasankhire

Mwatsegula mpope wa shawa, mwatchera dzanja kudikira kuti madzi afunde. Mphindi imodzi yatha, yachiwiri yatha, madzi adakali ozizira ngati ochokera m'firiji. Munthu wamkulu wathanzi amangoluma mano n'kusamba choncho. Koma m'nyumba mumakhalanso khanda, agogo a nyamakazi, kapena wodwala amene wangotuluka m'chipatala. Kwa anthu amenewa madzi ofunda si nkhani ya manyado ayi.

Ambiri zikatere amathamangira kukagula chipangizo china chotenthetsera madzi, koma amalumpha funso loyamba: chimene chimafa kawirikawiri pakhomo panu n'chiyani? Kwina vuto ndi kuzima kwa magetsi. Kwina magetsi alipo koma elementi (kachitsulo kotenthetsa madzi m'thanki) kapena themositati (kachipangizo kolamulira katenthedwe ka madziwo) ya giza yapsa. Kwina ndi madzi a m'mipope amene amasiya kapena amangobwera mofooka. Ena ali ndi giza ya sola, ndipo mdani wawo ndi mitambo. Njira yapadera iyenera kuimira pa mwendo wina, osati womwewo umene wathyoka. Ngati vuto lanu ndi magetsi, chipangizo chachiwiri cha magetsi sichikupulumutsani ngakhale chitakhala chodula bwanji.

Tiyambe ndi masamu pang'ono, chifukwa ndi amene amaulula njira zoona ndi zongokometsa pakamwa. Madzi ndi ouma mutu potentha. Kuti lita imodzi ikwere ndi digiri imodzi pamafunika mphamvu pafupifupi 1.16 Wh (1,000 Wh ndi yuniti imodzi ya magetsi). Choncho giza ya malita 150, kuti ichotse madzi pa madigiri 20 kufika pa 60, imadya pafupifupi 7 kWh, kapena kuti mayuniti 7 a magetsi, ndipo elementi ya 3 kW imagwira ntchitoyi kwa maola awiri ndi mphindi 20. Madzi okoma kusamba amakhala a madigiri 38 mpaka 40. Shawa yotulutsa malita 8 pa mphindi, mukasamba mphindi 5, yamwaza malita 40, ndipo kuwafunditsa kwadya pafupifupi yuniti imodzi. Ndowa ya malita 20 imangofuna theka la yuniti. Manambala amenewa asungeni, tiwafunanso.

Giza yomwe muli nayo kale

Musanagule kanthu, dziwani kuti giza yanu payokha ndi nkhokwe. Malita 150 a madigiri 60, mukawasakaniza ndi madzi ozizira a madigiri 20, amapereka malita pafupifupi 300 ofunda bwino. Zoona zake amacheperako chifukwa madzi ozizira olowa m'thanki amasakanikirana ndi otentha, komabe banja losamba mosamala litha kudutsa tsiku lathunthu magetsi kulibe. Chimene chimaba kutenthako ndi thanki ndi mapaipi osafunditsidwa. Kukulunga giza ndi bulangete lake lapadera, kukuta mapaipi a madzi otentha, ndi kusintha mutu wa shawa n'kuikapo wotulutsa malita 6 pa mphindi, ndi ntchito ya tsiku limodzi yomwe phindu lake limaoneka m'mawa uliwonse. Kumene magetsi amazima pa nthawi zodziwika, taimala, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa giza pa nthawi imene mwatchera, imathandiza kuti giza itenthetse madzi magetsi asanapite.

Pali msampha umodzi pamenepa. Ena pofuna kupulumutsa magetsi amatsitsa themositati kufika pa madigiri 45. Musatero. Mabakiteriya a Legionella amaswana m'madzi okhazikika a madigiri 20 mpaka 45, ndipo amalowa m'mapapo kudzera m'timadontho ta shawa timene munthu amapuma. Dzina lawo linachokera ku msonkhano wa American Legion umene unachitikira ku Philadelphia mu 1976, komwe anthu ambiri anadwala chibayo choopsa ndipo ena anamwalira. N'chifukwa chake madzi osungidwa m'thanki ayenera kufika madigiri 60. Koma madzi a 60 amawaula khungu m'masekondi ochepa, makamaka la mwana, ndiye ngati m'nyumba muli ana kapena okalamba, uzani pulambala aike valavu yosakaniza yokha madzi otentha ndi ozizira asanafike ku shawa. Chinanso: madzi akasiya kubwera ndipo mukukayika ngati thanki ili yodzaza, zimitsani giza. Elementi ikayaka popanda madzi imapsa nthawi yomweyo.

Ketulo, poto ndi ndowa

Njira iyi anthu amaichepetsa, koma ine ndimaiika patsogolo pa zonse chifukwa ndi yokhayo imene sidalira chinthu chimodzi. Magetsi alipo koma giza yafa? Ketulo ya 2 kW imawiritsa malita 1.7 m'mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono. Magetsi kulibe? Poto apite pa gasi, pa mbaula kapena pa nkhuni. Madzi a m'mipope asiya? Mutunga mu mgolo wosungira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Muyeso wake ndi wosavuta kukumbukira: malita 5 owira kuphatikiza malita 15 ozizira a madigiri 20 amapereka malita 20 a madigiri 40 ndendende. Gawo limodzi lowira, magawo atatu ozizira. Nthawi zonse yambani kuthira ozizira mu ndowa, otentha abwere pambuyo. Ana ambiri amapsa pa kamphindi kamene wamkulu wasiya madzi owira okha mu beseni n'kupita kukatenga ozizira.

Amene sakhutira ndi kudzithira ndi kapu ali ndi mwayi masiku ano. Kuli timapampu tating'ono totchaja ndi USB: kapampu mumakamiza mu ndowa, kapaipi kake kali ndi mutu wa shawa umene mumakoleka pa khoma, mukadina batani madzi amayamba kuwaza. Mphamvu yake ndi yofatsa, koma ndowa ya malita 20 imakwanira kusamba thupi lonse, tsitsi lomwe. Kulinso zikwama zakuda za malita 20 zimene mumadzaza madzi n'kuyanika pa dzuwa maola angapo. Zimagwira ntchito kukacha bwino, kungoti dzuwa likalowa zimazizira msanga, ndipo kukweza makilogalamu 20 pamwamba pa mutu si ntchito ya aliyense.

Kachitsulo kamagetsi komiza mu ndowa kaja ndimakaopa. N'zoona, ka 1,500 W kamafunditsa malita 20 m'mphindi pafupifupi 20. Koma ambiri mwa timeneti tilibe chitetezo chilichonse, ndipo chizolowezi cha munthu ndi kupisa chala kuti amve ngati madzi afunda. Ngati mukagwiritsabe ntchito, zulani pulagi ku soketi musanakhudze madzi, musakayatse kali kunja kwa madzi, ndipo mwana asayandikire. Mbaula nayo isalowe m'bafa kapena m'chipinda chotseka, ngakhale kunja kukuzizira motani. Chifukwa chake ndichifotokoza tikafika pa gasi.

Kuipa kwa ndowa n'kodziwika: imadya nthawi. Anthu awiri palibe vuto, koma banja la anthu asanu ndi mmodzi amene onse akunyamuka m'mawa, wina ayenera kudzuka kudakali mdima kukatereka madzi.

Shawa yamagetsi yotenthetsa pompopompo

Iyi ilibe thanki, imatenthetsa madzi pamene akudutsa. Ngati vuto lanu ndi giza yofaifa kapena madzi otentha kuthera anthu oyamba kusamba, imathandiza ndithu, ndipo siwononga magetsi posunga madzi amene palibe akuwafuna. Koma magetsi akazima nayonso yagona. Imakokanso mphamvu yochuluka nthawi imodzi: kufunditsa malita 6 pa mphindi ndi madigiri 20 kumafuna pafupifupi 8.4 kW, omwe ndi ma amp opitirira 36 pa magetsi a 230 V. Zimenezi zimafuna waya wakewake wonenepa wochokera pa bolodi, waya wa earth wolumikizidwa bwino, ndi chodulira magetsi cha RCD cha 30 mA, chimene chimadula chokha magetsi akangothawira kolakwika. Zotsika mtengo za 3.5 kW zimangofunditsa madzi mukawatsegula pang'ono kwambiri. Iyi ndi ntchito ya katswiri wa zamagetsi wovomerezeka, chifukwa munthu wonyowa woponda pansi ponyowa alibe chomuteteza magetsi akathawira m'madzi.

Inveta, mabatire ndi jenereta

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Batire la 12 V, 100 Ah limasunga 1.2 kWh, ndipo ngati ndi la mtovu ndi asidi, mumayenera kugwiritsa ntchito theka lokha kuti likhalitse. Kumbukirani kuti giza imafuna mayuniti 7. Ndiye kuti mabatire otere opitirira khumi angathere pa kutenthetsa thanki imodzi, mababu ndi firiji zili chizimire. Mabatire a lithium amapirira kuposa pamenepo, komabe kusunga kutentha m'batire n'kodula kwambiri poyerekeza ndi kukusunga m'madzi momwemo. Thanki yokutidwa bwino ndi batire lotsika mtengo kuposa onse.

Jenereta ingathe kuyendetsa elementi ya 3 kW ngati ndi yaikulu kuposa pamenepo, koma taganizirani ulendo wake: mukuwotcha petulo, gawo lalikulu la mphamvu yake likuthawa ngati kutentha kwa injini ndi utsi, kagawo kotsalako kasanduka magetsi, kenako magetsiwo asandukenso kutentha. Kuyatsa moto pansi pa madzi mwachindunji n'kwanzeru kuposa apa.

Pali njira ziwiri zimene zimasintha masamuwa. Yoyamba ndi heat pump, makina ogwira ntchito ngati firiji yotembenuza: amatenga kutentha mu mpweya wa panja n'kukulowetsa m'madzi, ndipo pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka kutentha kwa mayuniti pafupifupi atatu. Inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a m'batire kukhala a m'nyumba) yapakatikati imawakwanitsa. Kungoti ndi odula pogula, amalira ngati eyakondishoni, ndipo kunja kukazizira kwambiri mphamvu yawo imatsika. Yachiwiri ndi ya amene ali kale ndi mapanelo a sola ochuluka: kuika elementi yaing'ono, ya 1 kW kapena 1.5 kW, yoyaka masana okha mabatire atadzaza kale.

Giza ya gasi

Kwa munthu amene akufuna shawa yeniyeni, yothamanga, nthawi iliyonse, magetsi alipo kapena kulibe, iyi ndiyo njira imene ndimaikhulupirira kwambiri. Si yachilendo. Mu 1868 Benjamin Waddy Maughan wa ku London anapanga chotenthetsera madzi cha gasi n'kuchitcha Geyser, potengera kasupe wotentha wa ku Iceland, ndipo mawu akuti giza anachokera pomwepo. Chipangizo chakecho chinalibe paipi yotulutsira utsi panja, motero chinali choopsa kwa osamba. Vuto lomwelo ndi limene likuphabe anthu mpaka lero pamene giza ya gasi yaikidwa molakwika.

Kagwiridwe kake n'kosangalatsa kukaona. Mukatsegula mpope wa madzi otentha, kuyenda kwa madzi kumakankha kavalavu, mumamva "tche-tche-tche", kenako "bvuu", malawi abuluu ayaka pansi pa mapaipi a kopa, ndipo m'masekondi ochepa madzi afunda. Mukatseka mpope moto umazima wokha. Mitundu yambiri yosavuta imayatsa ndi mabatire awiri aakulu a tochi, a saizi D, choncho sifuna magetsi a m'nyumba. Chenjerani pogula: ina yamakono ili ndi fani ndi kompyuta yake, ndipo magetsi akazima nayonso imazima. Funsani zimenezi musanalipire.

Kukula kwake amakuyeza ndi malita pa mphindi, monga 6, 10, 12 kapena 16, ndipo nambalayo nthawi zambiri imatanthauza madzi okwezedwa ndi madigiri 25. Ya malita 10 kapena 12 imakwanira shawa imodzi bwinobwino. Kilogalamu imodzi ya gasi wa m'silinda ili ndi mphamvu pafupifupi 12.8 kWh. Mukachotsapo yothawa ndi utsi, kusamba kwa mphindi 5 kuja kumadya gasi wosakwana magalamu 100, kutanthauza kuti silinda ya makilogalamu 9 itha kusambitsa munthu maulendo pafupifupi 100. Osamba mphindi 15 agawe nambalayo patatu.

Chimene ogulitsa ambiri satchula ndi puresha ya madzi. Ine ndinaziphunzira nditaika kale. Madzi athu ankachokera m'thanki ya pa nsanja yaifupi, ndipo nditatsegula mpope giza inkangoti "tche-tche" osayaka, nthawi zina osalira n'komwe. Mamita 10 a kutalika amapereka puresha pafupifupi bar imodzi, ndiye thanki yokwera mamita atatu pamwamba pa mutu wa shawa imangopereka 0.3 bar, mapaipi asanadyeko gawo lawo. Yankho linali kugula pampu yokankha madzi, koma pampuyo imafuna magetsi, chinthu chomwe ndinkachithawacho. Choncho werengani pa bokosi puresha yochepetsetsa imene gizayo imafuna, ndipo ngati madzi anu ndi ofooka funani yopangidwira puresha yotsika kapena pampu ya 12 V yoyendera batire. Posamba, chepetsani moto pa giza pomwepo m'malo mothira madzi ozizira ambiri pa mpope, chifukwa madzi odutsa m'giza akachepa lawi limazima muli ndi sopo kumaso.

Tsopano za moyo. Gasi, makala kapena petulo zikamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira zimatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu. Umamatirira m'magazi pamalo pa okosijeni. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi kufooka, n'kuganiza kuti ndi nthunzi ya m'bafa, kenako amakomoka chitseko chili chokhoma. Pa chifukwa chimenechi giza ya gasi ikhale panja pa khoma, m'kabokosi koiteteza ku mphepo ndi mvula koma kolowa mpweya, kapena ikhale ndi paipi yotulutsira utsi wonse panja. M'bafa isalowe. Lawi labwino ndi labuluu. Likayamba chikasu, kapena mukaona mwaye pamwamba pa giza, zimitsani muitane katswiri. Silinda iime chilili panja pa mthunzi, ndipo polumikizira paipi muzipaka thovu la sopo: pakatuluka timabaluni, gasi akutuluka. Kaalamu kochenjeza za carbon monoxide n'kotsika mtengo poyerekeza ndi chimene kamateteza. Lamulo lomweli likhudzanso jenereta: panja, kutali ndi mawindo.

Giza ya sola

Sola ndi njira yabwino kwambiri yochepetsera bilu, koma ngati njira yadzidzidzi ili ndi chilema: simungailamule. Nzeru yake ndi yakale. Clarence Kemp wa ku Baltimore analembetsa giza yake ya dzuwa yotchedwa Climax mu 1891, ndipo mu 1909 William Bailey ku California analekanitsa chotolera dzuwa ndi thanki yokutidwa kuti madzi agone ali otentha. Dziko la Israel linalamula mu 1980 kuti nyumba zambiri zatsopano zizikhala ndi magiza a dzuwa. Mtundu wofala sufuna pampu: madzi akatentha amapepuka n'kukwera okha m'thanki imene ili pamwamba, ozizira amatsikira m'munsi kukatenthedwa.

Pali ya galasi lafulati ndi ya machubu agalasi. Ya machubu imasunga bwino kutentha kukamazizira kapena kukamawomba mphepo, ndipo chubu chimodzi chikasweka mumasintha chokhacho. Koma pa mitundu yotsika mtengo imene madzi amalowa m'machubu momwemo, chubu chosweka chimakhutula thanki yonse. Yafulati ndi yolimba, kungoti kumadera kumene madzi amaundana usiku imafuna chitetezo chapadera. Funsaninso ngati ndi ya puresha yotsika kapena yokwera. Yotsika imatsitsa madzi ndi kulemera kwawo kokha, ndipo mukailumikiza pa mpope umodzi ndi madzi ozizira amphamvu, ozizirawo amagonjetsa otentha, kusakaniza kumavuta. Kum'mwera kwa ikweta iyang'ane kumpoto, kumpoto kwa ikweta iyang'ane kum'mwera, ndipo pasakhale mthunzi wa mtengo. Denga nalo liunikidwe, pakuti malita 150 ndi makilogalamu 150, osawerengera thanki ndi zitsulo.

Walira mvula walira matope. Sola imafuna kuti banja lisinthe kasambidwe: madzi amakhala otentha kwambiri madzulo, ndipo onse akasamba usiku, wa m'mawa apeza ozizira. Mitambo ikagundana masiku awiri atatu, madzi amangokhala ofunda pang'ono. Dzuwa likaswa mtengo, amatha kufika pafupi kuwira, choncho valavu yosakaniza ija apa ndi yosakambirana. N'chifukwa chake ine ndimaona sola ngati njira yaikulu yofuna mnzake woithandiza, kaya elementi yamagetsi m'thanki momwemo, kaya gasi. Polumikiza sola ndi gasi, onetsetsani kuti giza ya gasiyo inapangidwa kuti izilandira madzi otentha kale, apo ayi pakhale mavalavu osankhira njira imodzi pa nthawi.

Boyila ya nkhuni

Kumene kulibe magetsi odalirika, gasi ali kutali koma nkhuni zilipo, mgolo wachitsulo wa malita 200 womangidwa pa ng'anjo ya njerwa umasambitsa anthu ambiri. Umafuna munthu wosonkhezera moto ola limodzi kapena awiri kusamba kusanayambe, umafuka utsi, umadya mitengo, ndipo dzimbiri limaubowola pakapita zaka. Chofunika koposa ndi paipi yopumira yotseguka nthawi zonse, yokwera kupitirira thanki imene ikudyetsa mgolowo, yopanda valavu iliyonse. Madzi akasanduka nthunzi amakula kuwirikiza pafupifupi 1,600, ndipo moto wa nkhuni ulibe themositati. Mgolo wotsekeka pamoto umaphulika. Musagwiritsenso ntchito mgolo umene munali mankhwala.

Nanga inu mutenge iti?

Ngati mukukhala nyumba ya lendi, musaboole makoma a eni: ndowa, poto wamkulu, kachitofu ka gasi ndi kapampu ka USB zikukwanirani, ndipo posamuka munyamula zonse. Ngati magetsi amazima maola ochepa okha, yambani ndi kukuta giza, taimala ndi mutu wa shawa wosamwaza madzi. Mwina simufunikanso china. Banja lalikulu kumene magetsi amasowa tsiku lonse, madzi ali ndi mphamvu, lipite pa gasi woikidwa panja ndi munthu wodziwa ntchito yake. Amene akumanga nyumba yawoyawo aganizire sola kuyambira pa pulani, denga lilimbitsidwe ndipo mapaipi afupike, kenako awonjezere elementi kapena gasi. Kugula mabatire n'cholinga chotenthetsera madzi okha ndiye sindingalangize aliyense.

Mukakhala ndi magiza awiri pa mapaipi amodzi, muuzeni pulambala aike mavalavu pamalo ofikirika, ndipo mulembepo ndi penti kuti iyi ndi ya gasi, iyi ndi ya magetsi, kuti aliyense m'nyumba athe kusintha inu kulibe. Giza yapaderayo muziiyatsa kamodzi pamwezi ngakhale zonse zili bwino, madzi ayende mphindi zingapo kuti asakhalitse m'mapaipi. Mabatire a D aja amatha mphamvu ali chikhalire ndipo nthawi zina amadontha n'kuwononga zitsulo zogundira, choncho awiri atsopano azikhala m'kabati, pamodzi ndi sipanala yomasulira silinda.